Baibulo Lonunkha Usipa

Lero mwana wanga wavundukula Baibulo la malemu amayi. Likununkhabe usipa.

Amayi atangotembenuka mtima, kwathu ku Chembe kunkabwera mayi Nasibeko, ogulitsa usipa, kudzawawerengera. Ankakhala pamthunzi wa thandala loyanikapo nsomba, chala chamamba chikuyenda pamizere. Ine ndinkayesa kuti bukulo limalankhula munthu akangoligwira.

Kenako mayi Nasibeko anasamukira ku Monkey Bay, ndipo palibe wina amene anabwera.

"Amayi, ligwireni inuyo lilankhule," ndinatero.

"Iwe, ine kusukulu ndinapita liti?"

Analikulunga m'chitenje, ndipo mvula isanagwe anali atasiya kupemphera.

Inenso ndabatizidwa chaka chino. Ndimawerenga modukizadukiza, wondifotokozera palibe, ndipo chitenje chija sindinachitaye.