Miyezi Inayi Imene Ndinkayesa Ndili ndi Pakati

Oyamba kuona anali akulu anga. Kwathu kuno ku Mphunzi mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amapempha wina kuti amuthirire. Ine ondithirira anali iwowo, popeza makomo athu ngoyang'anizana. Tsiku lina tikusankha nyemba pabwalo anaika lichero pansi n'kundiyang'ana.

"Iwe, mwezi wachitatu uno sunandiitane ku mchere."

Ndinaseka, koma nanenso ndinkawerenga miyeziyo chamumtima.

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo ndinali nditakhala pabanja zaka makumi awiri popanda mwana. Ndinapita padera kawiri ndili mtsikana, kenako zii. Anzanga onse ankaitanidwa amake uje, amake uje, ine ndinangokula ndi dzina langa la pa ubatizo. Amuna anga, munthu wosalankhulalankhula, sananditonzepo. Nditawauza zimene ananena akulu anga, anavula chipewa, n'kuchivalanso. Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kusenza matumba a mbatatesi.

Zizindikiro zinalipo ndithu. Thupi linkalemera, mawere ankapweteka, kanthu kakang'ono kankandiliza. Tsiku lina mu Juni ndikugulitsa mbatatesi pamsewu pa Chimbiya, chifunga chili khathi, aliyense atavala juzi, moto unandiyamba pachifuwa n'kukwera kumaso. Thukuta linayenderera mpaka bulauzi kunyowa. Mayi amene ankagulitsa kabichi pambali panga anandinong'oneza kuti, "Amayi, kutentha kumeneko sikwachabe. Mwaima inu." Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo za kwaya njira yonse.

Mwezi wachinayi ndinapita ku sikelo ku chipatala cha mishoni. Ndinakhala pa benchi pakati pa atsikana a msinkhu wa mwana amene ndikanakhala naye. Ankandisuzumira n'kumatsinana. Sindinasamale.

Anamwino anali mayi wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu. Anayeza mkodzo, anandigoneka n'kupapasa pamimba. Kenako anatseka chitseko bwinobwino n'kukoka mpando kudzakhala pafupi nane.

"Amayi, musanasiyiretu, msambo unkabwera bwanji?"

"Unkadumphadumpha. Mwezi wina wochuluka, mwezi wina timadontho."

"Nanga tulo? Kutentha kodzidzimutsa?"

Ndinavomera zonse, ndikumwetulirabe.

"Pepani amayi, mulibe mwana m'mimbamu. Thupi lanu layamba kusiya kusamba. Si matenda, ndipo palibe amene wakulodzani. Mkazi aliyense amafikapo, ena msanga, ena mochedwa."

Analankhula zambiri pambuyo pake. Ndizimwa madzi pafupipafupi, ndizivala zopepuka zoti ndingavule msanga kutentha kukabwera, ndizidya masamba, soya ndi matemba otafuna ndi minga yomwe kuti mafupa asafooke. Pogonana pakayamba kuuma ndi kupweteka ndisachite manyazi kubwera, mankhwala alipo. Ndipo ndikatha chaka chathunthu osasamba, magazi n'kudzaonekanso, ndithamangire kuchipatala. Mawu amenewa ndinadzawakumbukira patapita masiku. Pa nthawiyo ndinkangoyang'ana kabuku ka sikelo kamene ndinagula panjira, kopanda cholembedwamo chilichonse.

Sindinakwere kabaza pobwerera. Ndinayenda wapansi, ndipo ndinawapeza amuna anga ku dimba akuthirira kabichi. Atandiona anaika ndowa pansi.

"Akuti bwanji?"

"Akuti ndakalamba, bambo. Mulibe kanthu. Ndipo simudzakhalanso kanthu."

Anakhala pa mzere, matope ndi matope. Kenako anati, "Mwadya kanthu chichokereni m'mawa?" Ndinalira pamenepo, kulira kokweza ngati pamaliro, mpaka a madimba oyandikana nafe anaimirira kuti aone.

Chaka chotsatira chinali chowawa. Ndinkapsa mtima ndi nkhuku, ndi utsi, ndi amuna anga omwe. Tsiku lina ndinawauza kuti apite akakwatire wina wobereka, nthawi idakalipo. Anangotenga khasu n'kutuluka, madzulo anabwera ndi matemba a m'pepala. Akulu anga ankadziimba mlandu chifukwa cha mawu awo aja, ndipo kwa miyezi ingapo ankandizemba. Ndinachita kuwalondola kumtsinje. Kumeneko ndi kumene anandiuza kuti nawonso zinawachitikira, kutentha, kusowa tulo, kuiwalaiwala, koma sanauze munthu chifukwa ankaopa kuti anena kuti ali ndi kachilombo. Anavutika okha zaka zitatu, ine ndili pakhomo loyang'anizana nalo, osadziwa.

Tsopano papita zaka zisanu ndi ziwiri. Kutentha kunachepa, koma mawondo amandiwawa ndikamakwera phiri kupita kutchalitchi. Kuchipatala ndimapitabe kukayezetsa kuthamanga kwa magazi.

Chaka chatha mwana wamkazi wa akulu anga anachira, mwana wamwamuna. Atatuluka kuchipatala, azimayi anati wosambitsa mwanayo akhale ine, popeza tsopano ndine wa gulu la akuluakulu. Sindinadziwe kagwiridwe kake. Mayi wina anandionetsa poika dzanja, pansi pa khosi. Kamwanako kanali kopepuka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo kanalira kwambiri madzi atakakhudza. Ndinakapukuta, ndinakafunditsa, n'kukabwezera kwa mayi wake.