Dzinja limene amalume anagwira eriyo

Inali rimu ya njinga yopanda masipoko, yomangidwa ndi waya wakopa pansonga pa paipi yachitsulo kuseri kwa nyumba. Ndiyo inali eriyo yathu ku Bulangililo, ku Kitwe. Khalidwe lake linali loipa. Ukaisiya yokha, tivi inkangolira ngati mafuta m'chiwaya. Munthu akagwira paipiyo ndi dzanja, chithunzi chinkabwera.

Ndinaikumbukira mwezi watha. Mdzukulu wanga wa zaka zinayi akukhala nafe kuno ku Itawa, ndiye ndinagula kabokosi kolumikiza kutivi, kokoka mapulogalamu pa intaneti. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: maphunziro a ana amene ankaonetsa m'mawa ife tili ang'ono. Loweruka lathunthu ndinalimbana ndi limoti, kujompha chilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku. Zotuluka zake zidole zokuwa, zothamanga ngati zamwa kachasu. Limotiyo ndinaiponya kawiri. Akazi anga ali kukhitchini anangoti, "Inu, mukweza BP chifukwa cha zidole?"

Madzulo ndinapeza. Kachidutswa ka mphindi seveni, kotuwa, kamene munthu wina wachifundo anachotsa patepi yakale n'kukaika pamenepo. Mayi yemwe uja ankatiphunzitsa pativi, magalasi ake, choko, bolodi. Analemba chilembo pang'onopang'ono, anafunsa funso, kenako anakhala chete kudikira. Mdzukulu wanga anayankha. Ine ndinatuluka panja, chifukwa mwamuna wamkulu salira pamaso pa mwana.

Chaka cha eriyo ija ndinali nditakwanitsa zaka zoyambira sukulu, koma ndinali wamfupi ngati chitsa. Mu Januwale amayi anapita nane kukandilembetsa. Aphunzitsi sanafune kuona pepala lililonse. Anandiuza kuti ndidutsitse mkono pamwamba pa mutu ndigwire khutu la mbali inayo. Zala zinathera m'tsitsi. "Mwaice uyu," anatero m'Chibemba, kutanthauza kuti ndidakali wamng'ono, ndibwere chaka chamawa. Mpaka lero ndimati kuyesa mwana motero ndi uchitsiru, ndipo wotsutsa abwere tikambirane.

Bambo anali atamwalira, tinkakhala kwa amalume, achimwene awo a amayi. Ankagwira ntchito pansi mumgodi, shifiti yausiku. Atamva nkhaniyo anafunsa funso limodzi: "Kodi kusukuluko amawerenga ndi mkono?"

Kuyambira m'mawa mwake, ankafika kunyumba cha m'ma seveni, kusamba, kumwa tiyi, koma osagona. Naini ikakwana ankavalanso jombo ndi lenikoti yakumgodi, kupita kuseri kukagwira paipi. Ine pansi pa simenti yozizira, sileti pamwendo, nyumba yonse ikununkha polishi wofiira ndi zovala zosauma. Mayi wa pativi ankalankhula Chingerezi chofatsa, ngati palibe kumene akuthamangira. Akafunsa, ndinkakuwa yankho, iye n'kumwetulira ngati wandimva. Ndinkakhulupirira ndithu kuti amandiona.

Linali dzinja lamvula yambiri. Kukagunda bingu amayi ankathamangira pazenera. "Achimwene, mphezi! Siyani chitsulocho!" Iwo ankayankha kuti, "Pansi pa nthaka sindinafe, ndiye ndikafere pamwamba?"

Nthawi zina chithunzi chinkavina, nkhope ya mayi uja n'kusweka pakati pa chilembo. Ukali wangawu si wa lero. Ndinkakuwa, "Amalume, mwagwedeza!" Tsiku lina ndinaponya patapata pazenera. Amayi ananditsina khutu, koma kunja kunangomveka mawu okhuthala: "Pepani, bwana."

Temu yachiwiri itayamba mu Meyi, amalume anapita nane okha, atavala jekete yakutchalitchi. Aphunzitsi aja anayambanso za mkono. Amalume sanakangane nawo. Anatola choko patebulo n'kundipatsa. "Muuzeni alembe chilichonse." Ndinalemba dzina langa, ndinalemba manambala mpaka twente, ndinawerenga mawu amene anali pabolodi, a ana amene anayamba kale. Aphunzitsi anaseka, anagwedeza mutu, anandiloza benchi yakutsogolo. Anafunsa amene anandiphunzitsa.

Ndinatukula chifuwa. Ndinati ndi mayi wa pativi, ndipo ndikanadziwa zambiri amalume akanakhala kuti sagwedeza.

Amalume anavomera. "Zoona, aphunzitsi. Ndimagwedeza."

Ndinalowa m'kalasi ndikudziona wanzeru kuposa Kitwe yense. Sindinkadziwa kuti chithunzi chikavina, ndiye kuti munthu watsamira chipumi pachitsulo, wagona chiimire mumvula. Sindinkadziwanso kuti madzulo ake ankatsikiranso kumene munthu akasinza sabwerako wathunthu. Miyezi inayi yonseyo anamva mawu a mayi uja kudzera pazenera, koma nkhope yake sanaionepo.