Munthu wa m'miyala

Dzulo aboma anabwera kuchokera ku tauni ya Furancungo kudzatchinga mulu wa miyala wa paphiri lathu. Akuti ndi manda a anthu akalekale, asagwidwe. Mwini mandawo ine ndinamudyetsapo.

Nkhondo itafika m'mudzi ine ndili mwana, tinathawira kuphiriko. Amayi anandituma kukafuna mafuwa, ine n'kukazula mwala pamuluwo, wozizira, wandere. Amalume anandigwira khutu.

"Bweza msanga, iwe. M'menemo muli munthu."

Ndinaubweza. Ndinaganiza kuti munthuyo akubisala kuthawa asilikali ngati ifeyo, ndipo ndinasirira pobisala pakepo. Koma nanga amadya chiyani? Tsiku lililonse ndinkanyema mbatata yanga yootcha, n'kuika theka pamwala. Pobwerera ndinkapeza palibe.

Nditayamba kuwonda, amayi ananditsatira.

"Mbatata yosowayi ukupatsa ndani?"

"Akulu a m'miyalawa. Amadya bwino, koma sathokoza."

Amayi anagwira pakamwa kuti kuseka kwawo kusamveke kumsewu, n'kundilozera anyani ali pathanthwe, akunyambita zala.

Sindichita nazo manyazi. Tonsefe tinadzathawira ku Malawi. Amene sanasunthe pamalo pake nkhondo yonseyo ndi mkulu yekhayo, ndipo mbatata inkamuyenera.