Mayi Aglaia Butnaru ndi Kasupe wa Kuseri kwa Tchalitchi

Ife a m'kwaya sitinawaonepo Mayi Aglaia Butnaru atakhala pansi mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Anali choncho kuyambira ubwana. Bambo awo, amene ankakhoma migolo ya vinyo, anamwalira msanga, ndipo Aglaia anakula akulera azing'ono awo ndi kupukuta zoikapo makandulo m'tchalitchi muno. Atakula anaphunzira unamwino, nakwatiwa ndi a Toader, munthu wofatsa amene sanavutike n'kuyesa kuwakhazika pansi.

Ankagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha m'tauni. Imvi zitamera kale, anatidabwitsa tonse: analembetsa maphunziro apamwamba a zaumoyo wa anthu, ophunzirira pa intaneti, koma ntchito osasiya.

"Sukulu pa msinkhu uno?" anatero a Toader. "Dipulomayo tidzakuikira m'bokosi lamaliro?"

"Ndatopa kubaya ana omwewo chaka ndi chaka," anayankha. "Ndikufuna ndidziwe chimene chimawadwalitsa."

Miyezi yoyamba inawasautsa. Ankawerenga m'basi ndi pa nkhomaliro, ndipo kunyumba kompyuta inkakhala pakati pa mabotolo a nkhaka zoviika mu mchere. Lamlungu ankabwera maso ali psuu. Anzawo a m'kalasi anali a msinkhu wa ana awo, ndipo nthawi zina ankalira kuti mutu wawo wauma.

Aphunzitsi atauza aliyense kuti akayezetse madzi amene anthu akwawo amamwa, Mayi Aglaia anasangalala. Anatunga pa kasupe wathu, amene wansembe amadalitsa Lachisanu loyamba Pasaka ikatha, tsiku limene amayi amamwetsa makanda awo madziwo ndi supuni. "Akaone madzi enieni ana a m'tauniwa," anandiuza monyadira. Zotsatira zinabwera m'Sabata Yoyera, Pasaka itayandikira. Madzi aja anali ndi majeremusi ochokera ku zimbudzi ndi makola a nkhumba a nyumba zatsopano za kumtunda.

Sindinawaonepo ali ndi mantha ngati sabata imeneyo. Ankalowa m'tchalitchi, kuyatsa kandulo, kutuluka, kubwereranso. Potsiriza anapita kwa wansembe wathu, Bambo Ghenadie.

"Bambo, chaka chino makanda asamwe madzi aja."

"Mayi Aglaia, madzi odalitsidwa saonongeka. Kodi mwaiwala?"

"Sindinaiwale, Bambo. Mulungu sindikumukayikira. Ndikukayikira nkhumba za kumtunda."

Bambo anati aiganizira nkhaniyo, koma Pasaka inadutsa osalengeza kanthu. Lachisanu lija Mayi Aglaia anapempha tchuthi kuntchito, nafika pa kasupe ndi ngolo ya a Toader yodzaza ndowa za madzi owiritsa. Anaima pakati pa kasupe ndi amayi onyamula makanda.

"Kompyuta yakudyerani chikhulupiriro, inu!" anakuwa Mayi Profira, mkulu wa amayi a m'parishi. "Agogo athu ankamwa pompano. Anafa?"

"Anafa, Mayi Profira, ali kumanda kuseri uku," anatero a Toader, ndipo ena anaseka mobisa.

Mayi Aglaia sanaseke. Anagwada m'matope. "Bambo, dalitsaninso awa. Amene akufuna a pa kasupe sindimugwira dzanja."

Bambo Ghenadie anawayang'ana ali chigwadire m'matopemo mpaka tonse tinachita manyazi. Kenaka anaviika mtanda m'ndowa zija. Amayi ena anatunga m'ndowa, ena anadutsa nkhope zili kumbali n'kukatunga pa kasupe.

Chilango sichinachedwe. Ntchito yawo ya makandulo ija inapatsidwa kwa wina, ndipo ambiri anasiya kuwapatsa moni. Zinawapweteka kwambiri, koma sanajombe Lamlungu ngakhale limodzi. Ankangoima kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndikawadandaulira ankati, "Kumbuyo kuno pemphero limamvekanso." Maphunziro anamaliza movutikira, ndipo anavutitsa a khonsolo osawapatsa mpata mpaka anakumba mjigo wakuya kumunsi kwa mudzi. Ana otsegula m'mimba anachepa. Wopepesa sanapezeke, ndipo iwo sanadikire kupepesedwa.

Atapuma pantchito ankayendera odwala, mpaka miyendo inawakana. Anamwalira mwezi watha masana, atalapa ndi kulandira Mgonero, a Toader atawagwira dzanja. Mulungu awakhululukire. Atisiyira chitsanzo cha munthu amene anakonda mpingo wake mpaka kulolera kuti mpingowo umude.

Monga mwa mwambo wathu, amayi akhala akutunga madzi n'kumagawa m'makomo m'dzina la malemu, kuti mzimu wawo usamve ludzu. Dzulo ndinapeza Mayi Profira pa mjigo, akupumira m'mwamba ndi ndowa ziwiri, chonsecho kasupe ali pafupi ndi khomo lawo.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Ndikatunga kujaku, Aglaia sakamwa."