Khasu la Amayi mu Ndowa ya Soda

Kodi chitsulo chogwidwa ndi dzimbiri chingabwerere pantchito popanda kuchipala mpaka kuchiwononga? Funsoli linandipeza kwathu ku Zengeza 4, m'zaka zija tinkagula zinthu ndi madola a ku America, pamene makina osokera a amayi anga anauma gwa chifukwa cha denga lodontha. Makolo a ana asukulu anali atabweretsa kale nsalu za mayunifolomu, ndipo sukulu zinali pafupi kutsegulidwa. Makinawo akanakanika, amayi akanabweza nsaluzo n'kutaya makasitomala awo.

Sandipepa ndinamukana, poti tizitsulo ta m'kati tikaperepeseka pang'ono pokha, ulusi umangoduka. Ndinasankha njira ya magetsi: ndowa ya pulasitiki, madzi a pachitsime osungunuliramo soda yochapira, ndi chaja ya batire ya galimoto yomwe ndinabwereka kumashopu a ku Huruyadzo. Waya wakuda umamangidwa ku chitsulo chofuna kutsukidwa, pamene wofiira umafuna chitsulo china choti chidyeke m'malo mwake. Vuto linagona pamenepo, pakuti ogula zitsulo zakutha anali atasesa msewu wathu wonse.

"Dipuloma yako yonse ija ndi yophika zitsulo m'ndowa?" anandifunsa amayi. Nditawafotokozera chimene chinkasowa, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu lolimira kamunda kawo ka m'mbali mwa msewu.

"Amayi, khasuli likalowa umu silituluka lamoyo."

"Lobwereka limalimanso. Makina angandibwereke ndani? Viika, iwe."

Ndinaligulula pampini n'kuliviika, ndikuonetsetsa kuti lisakhudzane ndi tizitsulo tomwe ndinamasula m'makina. Ndowayo ndinaiika panja chifukwa mpweya wotuluka m'madziwo umayaka. Thovu lofiirira litayamba kuyandama, ndinadziwa kuti mawaya ndalumikiza bwino.

Magetsi ankazima mosachenjeza, ndipo chitsulo chongotsukidwa kumene sichichedwa kugwiranso dzimbiri. Choncho akazima, ndinkavuula tomwe tayera, kutitsuka ndi burashi, kutiyanika pamalata otentha ndi dzuwa, n'kutipaka mafuta a makina nthawi yomweyo. Totsala tinkadikira magetsi m'ndowamo. Khasu lija linkangonka linyenyeka m'mphepete.

Nditamanga makinawo, amayi anapukusa chogwirira, singano n'kuyenda pansalu osadula ulusi. Mayunifolomu onse anatuluka sukulu zisanatsegulidwe.

Mwa tizitsulo khumi ndi tinayi tomwe ndinaviika, khumi ndi tiwiri tinabwerera m'malo mwake. Masipuling'i awiri anathyoka, ndipo ndinakagula ena. Khasu linali limodzi, ndipo linatuluka ndi zibowo zitatu.