Mabala a Thirakita

Mtsikanayu ndidamusoka koyamba ali ndi zaka makumi awiri, chikope chitang'ambika. Ine ndine namwino, ndipo mabala a akazi ndimawadziwa, choncho ndidatseka chitseko n'kumufunsa kuti wamumenya ndani.

"Ndi mpira, anesi," adatero akuseka. "Ndimasewera ragibi, masewera aja timagwetsana polimbirana mpira wonga dzira."

Sindidamukhulupirire ngakhale pang'ono. Mwamuna wake, makaniki wosakonda kuseka, ankamudikira pabenchi panja, ndipo akalowa ankayankha yekha mafunso amene ndafunsa mkaziyo. Mtima wanga sunkamufuna bambo ameneyu.

Mwezi ndi mwezi mtsikanayu ankabwera, lero chala chothyoka, mawa nthiti, mkuja khutu lotupa. Kenaka tsiku lina ndidamuona pa TV ya m'chipinda chodikirira odwala, atavala yunifolomu ya timu ya dziko, akazi atatu atamukakamira m'chiuno koma iye akungopita. Owulutsa mpira ankamutcha Thirakita. Ndidachita manyazi. Kuyambira pamenepo ndinkangosoka osafunsa, zaka khumi zathunthu, n'kumanyadira kwa anzanga kuti ulusi wanga umakwera ndege.

Bondo lidamusiyitsa mpira chaka chatha. Nsapato zosewerera adapatsa mng'ono wake, ndipo pano amaphunzitsa masamu kusekondale.

Dzulo adabweranso, diso lakumanzere litatupa mpaka kutsekeka. Bambo uja adakhala pabenchi pomwe paja, akupukuta manja ndi kansanza. Ndidatseka chitseko.

"Mwana wanga, chachitika n'chiyani?" ndidafunsa.

Adayang'ana pansi, kenaka kuchitseko.

"Ndi mpira, anesi."