Nkhope ya Tadala sikwera pa positala

Lachiwiri lapitali ndinakana kupereka chithunzi cha mwana wa achemwali anga, ndipo mpaka lero ena kutchalitchi kwathu ku Oadby, kuno kudziko la azungu, akundiyang'ana ngati ndawalanda anthu madzi pakamwa.

Nkhani yake ndi iyi. Mpingo wathu ukufuna kukumba mjigo kumudzi kwathu ku Dedza. Mayi amene akutsogolera komiti, mzungu wa mtima wabwino ndithu, anandipempha zithunzi zomwe ndinajambula nditapita kumudzi chaka chatha, zoti aike pa positala yopemphera ndalama. Ndinamuonetsa pa foni: achemwali anga ali pa njinga yamoto kupita kukagulitsa mbatatesi, amayi a kwaya atavala zoyera mbee, ana akuweruka kusukulu. Iye ankangodutsa ndi chala. Anakaima pa chithunzi cha Tadala, mwana wa achemwaliwo wa zaka zisanu, nkhope ili fumbi lokhalokha, misozi ndi mamina zili chuchuchu.

"Ichi ndiye chikhudza anthu," anatero.

Ndinamufotokozera kuti tsiku limenelo Tadala anali atangogwa mu mtengo wa mapichesi, ndipo posakhalitsa ankaseka. Anati zilibe kanthu, oona positala sadziwa zimenezo. Ndinamuuza kuti ine ndikudziwa, ndipo Tadala akadzakula adzadziwanso. Foni ndinaibwezera m'chikwama.

Kale ndikanangomwetulira n'kutumiza. Chinandilimbitsa mtima ndi zimene ndinaona Loweruka, masiku atatu izi zisanachitike. Nditaweruka shifiti ku Braunstone, komwe ndimasamalira okalamba, mvula inandithamangitsira m'kachipinda kena m'tauni koonetseramo zithunzi. Pakhoma anapachika zithunzi ndi ndakatulo za mayi wina wa mtundu wa Aborijini, eni dziko la Australia azungu asanafike. Kwa zaka zambiri anthu a mtundu wake ankajambulidwa ndi alendo: kuwandandalika ngati ziweto pamsika, kuwayeza mitu, pansi pa chithunzi n'kulemba dzina la mtundu osati la munthu. Ana awo ambiri analandidwa n'kukaleredwa kutali ndi makolo.

Mayiyu anangoti basi, kamera ndigwira ndekha. Ankapita nayo kumaukwati, kumpira, ndi kumisewu komwe anthu ake ankaguba kumenyera malo awo, iyenso akuguba nawo.

Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mtsikana wina atanyamula chikwangwani, maso ali tong'o pa kamera, ngati akundifunsa chomwe ndabwerera. Umphawi unalimo m'zithunzimo, mayiyo sanaubise. Koma munalibe munthu wooneka ngati wopemphetsa. Zinkachita kuonekeratu kuti wojambulayo ankadziwa mayina awo, iwonso ankadziwa lake.

Lachitatu anandiimbira a Phiri, mkulu wa mpingo, amene anabwera kuno kalekale ndipo ndimawalemekeza ngati bambo anga.

"Mayi Tembo, madzi ndi ofunika kuposa chithunzi," anatero. "Anzathuwa amapereka akamva chisoni. Ingotumizani, nkhani ithe."

Ndinawafunsa mwaulemu ngati akadalola kuti mdzukulu wawo wa ku Corby apachikidwe pakhomo la tchalitchi ali mamina okhaokha. Anati zimenezo ndi zosiyana.

Zikusiyana pati, abale anga?

Kuno tayesani kujambula mwana wa munthu pasukulu, muone. Pamafunika fomu, makolo asaine kaye. Nanga fomu ya mwana wa ku Dedza ili kuti? Kapena ulemu umathera pabwalo la ndege?

Ndipo tisaloze azungu okha. Ife tomwe tikafika kumudzi foni imakhala m'manja kuyambira pachipata. Timajambula azakhali ali pamphasa akudwala, timajambula ofedwa akugubuduka pamanda, n'kumwaza m'magulu a pa foni kuti anthu aone kuti tinalipo. Odwalawo sitiwafunsa. Timadziwa kuti sangakane munthu amene wawabweretsera mankhwala.

Madzulo a Lachitatu lomwelo ndinawaimbira achemwali n'kuwauza zonse. Anaseka kaye, kenako mawu anasintha. Anati mwana wawo asiyidwe, ngati komiti ikufuna nkhope ndiye itenge yawo, chifukwa amene amalawirira kudambo kukatunga madzi amatope ndi iwowo.

"Koma ndivale chitenje changa chatsopano," anatero, "ndipo pansi pake alembe dzina langa lonse."

Chithunzicho chinafika Lachinayi. Aima pachitsime chakale, ndowa ili pambali, manja ali m'chiuno. Madzi akewo aliyense akhoza kuwaona mtundu wake. Ndachitumiza kukomiti, ndipo mayi uja wayankha kuti aganizira kaye. Mwina mjigo uchedwa chifukwa cha ine. Zimenezo zikundipweteka, sindinama. Koma mawu anga sindibweza.

Tsopano inu, tatsegulani foni yanu muyang'ane zithunzi za ulendo wanu womaliza wa kumudzi. Mwa anthu onse ali m'menemo, ndi angati amene munawapempha?